MUNDA WA KU ANATOTI

Mau olalikidwa ku Bwanje, m'boma la Ntcheu, pa Sabata la kupempherera mbeu, mvula isanagwe. Powerenga: Yeremiya 32.



Tasonkhana m'nyengo yobvuta ya chaka. Dzuwa lakula m'chigwa muno, udzu wapsa, mitsinje yotsika ku mapiri yatsala mchenga wokha, ndipo m'nkhokwe zambiri pansi payamba kuoneka. Tasosa minda, taunga mizere, ndipo m'mawa ndi madzulo maso athu apenya kumwamba. Tidziwa funso lokhala m'mitima ya ambiri, lingakhale silituruka pakamwa m'nyumba ya Mulungu: Kodi kulima kumeneku kuli ndi phindu? Tinabzala chaka china, dzuwa linaocha. Tinabzala chaka china, madzi anakokolola. Nanga tibzalirenji tsopano? Ndipo pansi pa funso limenelo pabisala lina lalikuru: Kodi tikhoza kutama Mulungu ndi kumkhulupirira pamene zinthu zonse ziri kugwedezeka?

Kuti tipeze yankho, tiyeni tipite ku Yerusalemu, zaka ngati 587 Ambuye wathu asanabadwe. Chinali chaka cha 10 cha Zedekiya mfumu ya Yuda, ndicho chaka cha 18 cha Nebukadinezara mfumu ya Babulo. Ankhondo a Babulo anali atazinga mudziwo pozungulira ponse, naunjika dothi pa malinga kuti akwerepo, ndipo m'katimo chakudya chinali kutha. Mneneri Yeremiya anali wotsekeredwa m'bwalo la alonda, ku nyumba ya mfumu, popeza ananena poyera kuti mudzi udzagwa. Ndipo mfumu sinakonde kumva mau otere.

M'masiku omwewo kunafika mlendo kundendeko, dzina lache Hanameli, mwana wa Salumu, mbale wa atate wache wa Yeremiya. Mwa kuwerenga kwathu kuno sitikadamutcha msuweni, koma mbale weniweni. Mlendoyo anadza ndi malonda. Anali ndi munda kwao ku Anatoti, mudzi wa ansembe m'dziko la Benjamini, ulendo wa ora limodzi kuchokera ku Yerusalemu, nafuna kuti Yeremiya augule. Pakuti chilamulo cha Mose, pa Levitiko 25, chinalamulira kuti munthu akasauka nataya dziko lache, mbale wache wapafupi aliombole, kuti lisachoke pa mtundu.

Tsono talingalirani malonda amenewa. Munda uli kunja kwa malinga, kumene mdani apondako ndi akavalo ache. Wogula ali m'ndende, sakhoza kupitako ngakhale kukaona malire. Iye mwini walalikira kuti dziko lidzapasuka, ndi anthu adzatengedwa ukapolo. Ndiponso anthu a ku Anatoti ndiwo aja anapangana kale kumupha chifukwa cha uneneri wache, monga tiwerenga pa mutu 11. Ndani wa ife akadagula? Pa nthawi ya nkhondo siliva agula mkate, koma munda wokhala m'manja mwa adani sudyetsa munthu.

Koma Mulungu anali atamuuziratu Yeremiya kuti mbale wacheyo adzafika. Ndipo pomuona anazindikira kuti nkhaniyi yachokera kwa Ambuye, nagula. Anayesa masekeli 17 a siliva pa muyeso, nalemba kalata wa malonda, nammata ndi chizindikiro, naitana mboni kuti zilembepo maina ao. Makalata anali awiri, wina womata ndi wina wosamata. Anawapereka kwa Baruki mlembi wache, pamaso pa Ayuda onse okhala m'bwalomo, namuuza awasunge m'mbiya yadothi, kuti asaonongeke zingapite zaka zambiri. Ndipo tanthauzo lache ndi ili: Mulungu analonjeza kuti chipasuko chitatha, anthu adzatsatsananso malonda a nyumba ndi a minda m'dziko lomwelo.

M'nkhani imeneyi tiphunziramo zinthu zinai za kukhulupirira Mulungu pa nthawi ya chisokonezo.

I. Chikhulupiriro sichikana kuti tsoka liripo.

Yeremiya sanagule munda poyesa kuti Ababulo adzabwerera kwao mawa. Iai, anadziwa kuti mudzi udzagwa, ndipo anali m'ndende chifukwa cha kunena chomwecho. M'Yerusalemu munali mneneri wina, dzina lache Hananiya, amene nkhani yache iri pa mutu 28. Ameneyo ananena zokoma. Anauza anthu kuti zisanathe zaka ziwiri mphamvu ya Babulo idzathyoka, ndi andende onse adzabwera kwao. Nachotsa goli la mtengo limene Yeremiya anabvala pakhosi ngati chizindikiro, nalithyola pamaso pa anthu. Koma itapita miyezi iwiri Hananiya anafa, ndipo goli la Babulo silinathyoke. Mau okoma onama afanana ndi mvula yoyamba yonyenga, imene igunda ndi kuwaza pfumbi, nikopa munthu kuti abzale, nimsiya mbeu zitapsa m'nthaka.

Ife a m'dziko lino sitisowa wotiphunzitsa kuti tsoka nchiani. Makolo athu anaona ufumu wa Angoni uli kugwedezeka m'chaka cha 1896, pamene asilikari a Angelezi anapha Inkosi Gomani woyamba. Anaona chimfine chachikuru cha 1918, chimene chinafika pakutha pa nkhondo yaikuru, amuna ambiri atafooka kale ndi ntchito ya tengatenga. Agogo athu akumbukira njala ya 1949, pamene mvula inaleka chimanga chikali chaching'ono, ndipo anthu anayenda mitunda yaitali kukasuma. Ambiri a ife tinaona ndi maso athu chilala cha 1992, ndi njala ya 2002, pamene anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi. M'Marichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anafa anthu oposa 600, ndi ena oposa 500 sanapezeke. M'Novembala wa chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi magawo 44 pa 100, ndipo mitengo ya zinthu inakwera, kuyambira feteleza kufikira sopo ndi mchere. Ndipo m'Marichi 2024, dzuwa litaocha minda, Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali m'tsoka.

Sitiwerenga zaka izi kuti tikuopseni, koma kuti mudziwe kuti Mkristu sapemphedwa kutsinzina. Munthu wonena kuti, Kulibe njala, ingokhulupirirani, pamene ana ali kulira usiku, ameneyo ali mwana wa Hananiya. Chenjerani naonso iwo oyendayenda m'misika ndi m'midzi, amene agulitsa madzi ndi mafuta m'timabotolo, nalonjeza kuti wopereka ndalama yache yotsiriza adzalemera mwezi usanathe. Ndalama yotere aitcha mbeu. Koma imera m'thumba la wolandira, ndipo mkazi wamasiye abwerera ku mphika wopanda kanthu. Mulungu sanatilonjeze zaka zopanda chilala. Chimene anatilonjeza ndi ichi, kuti tsoka silidzakhala mau ache otsiriza kwa anthu ache.

II. Chikhulupiriro chilipira lero chifukwa cha lonjezo la mawa.

Yeremiya akadatha kuimirira m'bwalo muja ndi kunena pakamwa pokha kuti Mulungu adzabweza anthu ache. Ndipo sakadataya kanthu. Koma Mulungu anafuna kuti siliva aturuke m'thumba. Masekeli 17 aja ndiwo anali ulaliki wache. Alonda ndi Ayuda aja, poona siliva ali kuyesedwa, anadziwa kuti munthu uyu akhulupiriradi chimene anena.

Amai athu adziwa ulaliki umenewo koposa ife olalikira. Pokolola asankha chimanga chonenepa, cha maso abwino, nachimanga m'mitolo, nachipachika kutsindwi pamwamba pa moto, kuti utsi uingitse anankafumbwe. Nyemba, khobwe ndi nzama azisanganiza ndi phulusa, naziika mumtsuko, namata pakamwa pache ndi dothi. Ndipo chaka chikaipa, ufa nutha mvula isanagwe, mai apenya chimanga chija chiri lende kutsindwi, napenyanso ana ache, nalimba mtima osachitsitsa. Apita kukafuna ganyu, kapena aphika mango aawisi, koma mtsuko saumatula. Mtsuko womata uja ndiwo mbiya ya Baruki m'nyumba mwathu. Usiku ndi usana uli kuchitira umboni kuti kudzakhalanso tsiku la kubzala, ndi kuti Mwini mvula sanafe.

Chifukwa chache asakunyengeni munthu kuti kukhulupirira Mulungu ndiko kupinda manja. Kumunsi kwa chigwa chathu, cha ku Mtakataka, kuli minda ya mpunga yothirira, mahekitala 800, yomwa madzi a mtsinje wa Namikokwe. Inakonzedwa ndi thandizo la dziko la Japan, niyamba ntchito cha m'ma 2000. Zitangopita zaka zowerengeka, madzi osefukira anaononga ngalande ndi malo opatutsira madzi. Anthu akadatha kunena, Mtsinje watikana, tiyeni tileke. Koma zoonongekazo zinakonzedwanso, ndi mpunga unaokedwanso. Ngati anthu achita chotero chifukwa cha mpunga, nanga ife okhala nalo lonjezo la Mulungu tidzagona m'khonde?

Tsono mbeu si ya mumtsuko yokha. Munda ndiwo mbeu. Wogulitsa munda wa ana ache ndi matumba awiri a chimanga, kapena woupinyolitsa pa ngongole ya katapila, adzakhuta miyezi itatu, koma mbumba yache idzalima ganyu zaka zonse pa nthaka imene inali yao. Mitengo ya m'mapiri ali pamwamba pathuwa ndiyo mbeu. Tikaitha yonse ndi makala, mvula sikhala m'phiri kuti ilowe pansi, koma itsika tsiku limodzi ndi miyala ndi mchenga, nikwirira madimba athu. Ndipo m'chilimwe zitsime ziphwa msanga. Ndipo mbeu yoposa zonse ndiyo ana athu. Atate wochotsa mnyamata m'sukulu kuti akakankhe njinga ya makala, ndi mai wokwatitsa mtsikana wamng'ono kuti pakamwa pamodzi pachoke pa mbale, amenewo amatula mtsuko, nadya mbeu. Sitinena ichi ndi mtima wouma, pakuti tidziwa kuwawa kwa njala. Koma tikapanda kunena ife, adzanena ndani?

Ndi inu aphunzitsi, imvani. M'Januwale ndi m'Febuluwale mudzaona mipando iri yopanda anthu, ana khumi pamene panakhala makumi anai. Mtima udzati, Nditaniranji belu chifukwa cha owerengeka awa? Musatseke chitseko. Lizani belu monga masiku onse, phunzitsani ochepawo ngati ali khamu, ndipo madzulo yendani m'makomo kufunsa za iwo osafika. Mwana wophunzira kuwerenga m'chaka cha njala adzawerenga zaka makumi asanu njalayo itaiwalika. Choko chanu ndi kuyenda kwanu kwa madzulo ndiwo masekeli anu 17.

III. Chikhulupiriro chiombola mbale.

Tisaiwale Hanameli. Munthu sagulitsa munda wa makolo ache posewera. Tiyesa kuti nkhondo inamsaukitsa. Anachokera ku mudzi umene unada Yeremiya, nadza kwa munthu wa m'ndende, amene iye mwini anali wosowa. Yeremiya akadatha kumfunsa, Muja abale athu anafuna kundipha, munali kuti? Koma sanatero. Anachita udindo wa mbale, nalipira mtengo wonse, osautsitsa chifukwa cha nkhondo.

Tsoka ndilo ng'anjo yoyesa mitima. M'njala ya 2002 tinaona zinthu ziwiri. Tinaona mabanja ogawana mbale imodzi ya phala ndi ana a mnansi. Ndipo tinamvanso za anthu ogwidwa ali kuba chimanga chachiwisi, amene anamenyedwa koopsa, ena kudulidwa ziwalo, ena kuphedwa kumene. Ndipo mvula ikachedwa, kumveka manong'onong'o akuti nkhalamba yakuti yamanga mvula. Ndipo agogo amene anatibereka kumsana athamangitsidwa m'mudzi, nyumba zao nizitenthedwa. Abale, mvula iri m'dzanja la Mulungu, siri m'nsupa ya nkhalamba ai. Wokhulupirira kuti mnansi wache akhoza kumanga mitambo wachepsa Mlengi, ndipo wochitira nkhanza wokalamba adzayankha mlandu pamaso pa Woweruza wa onse. Mantha afuna munthu woti amnenere mlandu. Chikhulupiriro chifuna munthu woti chimthandize.

Koma tiri nacho chikumbukiro chabwino, chimene tiyenera kuuza ana athu. Kuyambira m'chaka cha 1986 nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu ambirimbiri kuno. Pofika 1992 anapitirira miliyoni imodzi m'Malawi monse, ndipo boma lathu la Ntcheu, kumene malo ena mseu wokha ndiwo malire, linalandira ochuruka ndithu. Ambiri a iwo anakhala m'midzi momwe, pakati pa anthu a chinenero chimodzi ndi mafuko amodzi. Anatunga pa chitsime chimodzi, natola nkhuni m'phiri limodzi, nalowa nafe m'nyumba za Mulungu. Sikunali kopepuka. Nkhuni zinachepa, malo anapanikiza, ndipo chilala cha 1992 chinatipeza tiri ndi alendo. Koma pa 4 Okutobala 1992 pangano la mtendere linalembedwa ku Rome, ndipo m'zaka ziwiri kapena zitatu zotsatira alendo aja anabwerera kwao. Pajatu akuru anati mlendo ndi mame. Ndipo m'zaka za njala zimene zinadza pambuyo, chimanga chambiri chimene anthu anagula m'misika ya m'malire, monga ku Lizulu ndi ku Tsangano, chinachokera ku minda ya ku Mozambique komweko. Zoonadi kupatsa n'kuika.

Chifukwa chache, amene wadya mbeu yache chifukwa cha njala tisamweruze, koma timuombole. Tipempha akuru a mpingo, ndi amai a mpingo, ndi aphunzitsi, kuti mlungu uno ayende nyumba ndi nyumba, nawerenge mabanja osowa chobzala. Wokhala nazo ndowa ziwiri za mbeu apatule mbale imodzi. Ndipo tichite mwadongosolo monga anachita Yeremiya: zilembedwe m'buku pamaso pa mboni, wopereka ndi wolandira yemwe, kuti pasadzauke ndeu kapena kunenana tsankho. Wobwereka adzabweze pokolola muyeso womwewo, wopanda katapila. Koma kwa amasiye ndi nkhalamba tisafunse kanthu. Mpingo wopempherera mbeu, pamene mbale wokhala pa mpando womwewo alibe mbeu yoti aipempherere, pemphero lache lilekera kutsindwi.

IV. Chikhulupiriro chidikira, chingakhale sichiona zokolola.

M'mutu uwu muli chinthu chotonthoza ofooka. Yeremiya atapereka makalata kwa Baruki, anapemphera. Ndipo m'pemphero lache, atatamanda mphamvu ya Mulungu, ndi kukumbukira umo anaturutsira Aisrayeli m'Aigupto, anaulula kuzizwa kwa mtima wache. Anasonyeza Mulungu ankhondo ali pa malinga, ndi njala ndi nthenda ziri m'mudzi, monga ngati afunsa, Kodi ino ndiyo nthawi yogula munda? Taonani dongosolo lache: anayamba wamvera, napita ndi mafunso ache kwa Mulungu pambuyo. Ndipo Mulungu sanamdzudzule, koma anamkumbutsa kuti mphamvu yache iribe polekezera, nabwereza lonjezo lache. Chotero inu amene mwafika lero ndi mtima wokayika, musayese kuti mulibe chikhulupiriro. Munthu akhoza kubzala misozi iri m'maso, ndi mafunso ali pakamwa, ndipo mbeu yache imera chimodzimodzi.

Nanga zinatha bwanji? M'chaka cha 11 cha Zedekiya linga linabooledwa, kachisi anatenthedwa, ndi anthu anatengedwa kumka ku Babulo. Yeremiya yemwe, otsala a Yuda anamtenga kumka naye ku Aigupto, kutali ndi munda wache. Oseka akadatha kunena, Siliva uja anatayika. Koma m'chaka cha 538 Ambuye asanabadwe, Koresi mfumu ya Perisiya analola andende kubwerera kwao. Ndipo tsegulani buku la Ezara, mutu 2, pamene awerenga obwerawo mudzi ndi mudzi: mudzapeza anthu a ku Anatoti 128. Anthu 128 anafika pa mabwinja a makolo ao, nafunafuna malire akale, nagwiranso makasu. Yeremiya sanawaone, koma Mulungu sanaiwale mbiya ija.

Ndipo ife tomwe tiri zipatso za malonda otere. Madzi a chigwa chathu athira m'Nyanja. Ndipo mukatsata gombe la kum'mawa kufikira kunsonga, mufika ku Cape Maclear. Kumeneko amishoni a Livingstonia anamanga malo ao oyamba m'chaka cha 1875. Malungo anawakantha, ndipo pofika 1881, pamene anasamukira ku Bandawe, anasiya manda asanu, ndi munthu wobatizidwa mmodzi yekha, ndiye Albert Namalambe, amene Dr Robert Laws anambatiza chaka chomwecho. Manda asanu, Mkristu mmodzi: wowerengera malonda akadati ntchito yagwa. Koma m'chaka cha 1887 malo a mishoni anatsegulidwa ku Livulezi, ndi m'chaka cha 1902 ku Mlanda. Ndipo aphunzitsi a m'midzi, amene maina ao ambiri salembedwa m'buku liri lonse la pansi pano, anatsika ndi kukwera mapiri awa ndi Mau a Mulungu. Ogona m'manda aja sanaone msonkhano uno. Ife ndife munda umene anagula.

Tsono potsiriza, okondedwa, tikweze maso kwa Iye amene Yeremiya anali mthunzi wache chabe. Ife tinali munda wa m'manja mwa mdani, munda wa minga ndi kaufiti, wosayenera kugulidwa ndi munthu wanzeru. Koma Mwana wa Mulungu anabvala thupi lathu kuti akhale mbale wathu wapafupi, wokhala nayo mphamvu ya kutiombola; ndipo mtengo umene anapereka ndiwo mwazi wache. Pa tsiku la mtanda malonda ache anaoneka opusa koposa a Yeremiya: ophunzira anathawa, adani anaseka, mtembo unaikidwa m'manda, ndi mwala wa pakhomo unamatidwa ndi chizindikiro, monga mtsuko wa mbeu. Koma tsiku lachitatu mtsuko umenewo unamatulidwa ndi dzanja la Mulungu mwini. Pamenepo ndipo pakhazikika chikhulupiriro chathu. Sichikhazikika pa mitambo, kapena pa mtengo wa feteleza, kapena pa malonjezo a olamulira, pakuti zonsezi zisinthika. Chikhazikika pa manda opanda kanthu. Iye amene anatigula ndi mtengo wotere sadzataya munda wache m'chaka cha chilala.

Sitikhoza kukuuzani ngati mvula ya chaka chino idzakhala yabwino. Tikatero tidzakhala a Hananiya. Mwina tidzakolola zambiri, mwina tidzayesedwanso. Koma tikuuzani ichi: pitani kwanu, sungani mtsuko wanu womata kufikira nthaka itanyowa bwino, ndipo pamenepo bzalani. Gwirani munda wa ana anu. Tumizani ana kusukulu. Gawirani mbale wosowa mbeu, ndipo tchinjirizani nkhalamba za m'mudzi mwanu. Akuru anati, Sunga khosi, mkanda woyera udzabvala. Ndipo wina akakufunsani chifukwa chache muchita izi m'masiku oipa, mumuuze za munthu wa m'ndende amene anagula munda, ndi za Mpulumutsi amene anagula inu.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, Mwini mvula ndi dzuwa, taika mbeu zathu pamaso panu. Zidalitseni, ndi manja odzazibzala. Mutipatse mvula yokwanira pa nthawi yache, ngati kukukomerani. Ndipo mukatiyesa, mutigwire dzanja kuti tisakukaneni, kapena kudyana tokha. Kumbukirani amasiye, odwala, okalamba, ndi ana athu okhala kutali pa ntchito. Limbitsani aphunzitsi a m'midzi. Mutiphunzitse kumvera lero, ndi kusiya za mawa m'dzanja lanu. Tipempha m'dzina la Yesu Kristu, Muomboli wathu. Amen.